Mawu othokoza pamene ndikubwerera ku ntchito nditadwala sitiroko

Abale ndi alongo mwa Ambuye, achibale, anzanga a ntchito ndi nonse amene munamva za kudwala kwanga, ndikukudziwitsani kuti madokotala andilola kubwerera ku ntchito yanga ya ukalipentala, ngakhale kuti pakadali pano ndizigwira zopepuka zokha. Ndaona kuti n'kosayenera kuti nditole chipangizo chilichonse ndisanathokoze Mulungu pamaso pa anthu, komanso ndisanathokoze inu amene Iye anakutumani kwa ine.

Ambiri mukudziwa kuti sitiroko inapha mbali ya kumanja ya thupi langa n'kundimanganso lilime. Madokotala anatifotokozera kuti mtsempha wa magazi unatsekeka kumanzere kwa ubongo, ndipo popeza mbali imeneyo ndi imene imayendetsa mkono ndi mwendo wa kumanja, komanso mwa anthu ambiri ndi imene imasunga kulankhula, zitatuzi zinachoka nthawi imodzi. Gwero lake linali kuthamanga kwa magazi, matenda amene amatha kukhala mwa munthu zaka zambiri osamupweteka paliponse. Kwa munthu amene moyo wake wonse wadyera dzanja lamanja, kuliona litagona pabulangete ngati la munthu wina, ukuliuza kuti ligwire koma losamva, ndi chinthu chimene sindingachifotokoze bwino ngakhale tsopano pamene mawu anabwerera. Batani la malaya linali kundilaka. Ndinkalipana ndi zala zakumanzere, likaterereka ndinkayambanso, mpaka akazi anga ankabwera n'kulimanga mwakachetechete, akuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi.

M'masiku amenewo abusa anandiwerengera 2 Akorinto 1:8-11, pamene mtumwi Paulo akusimba za chisautso chimene chinawagwera ku Asiya, cholemera koposa mphamvu zawo, mpaka anataya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Iye akunena kuti izi zinachitika kuti asadzidalire okha, koma adalire Mulungu amene amaukitsa akufa. Chimene chinandigwira mtima ndi vesi 11, pakuti Paulo atangonena zodalira Mulungu, akutembenukira kwa Akorinto n'kuwauza kuti iwonso akuthandiza ndi mapemphero awo, kuti anthu ambiri adzayamike Mulungu chifukwa cha mphatso imene inabwera kudzera mwa anthu ambiri. Ndinaona kuti kuleka kudzidalira kunamufikitsa Paulo m'manja mwa abale, ndipo nanenso ndi kumene kunandifikitsa. Pamene ndinkalephera ngakhale kutchula dzina la Yesu momveka, panali pakamwa pa anthu ena pamene pankalitchula m'malo mwanga.

Ndiyambe kuthokoza akazi anga, amene anaona kuti pakamwa panga papotoka ndipo mawu akutuluka osamveka, ndipo sanadikire kuti kuche kapena kuti tione ngati zisintha, koma anafunafuna galimoto usiku womwewo. Madokotala ananena kuti pa matendawa ola lililonse limene munthu wachedwa limawononga ubongo, choncho changu chawocho Mulungu anachigwiritsa ntchito kwambiri. Pambuyo pake anandisambitsa, kundidyetsa ndi kunditembenuza pabedi kuti ndisachite zilonda, ndipo sindinamvepo mawu odandaula kuchokera kwa iwo. Ana anga, zikomo chifukwa chosinthana kugona kuchipatala. Madokotala ndi anamwino, sindikudziwa mayina anu nonse, koma Mulungu akuwadziwa. Bambo amene munkandichititsa mafizo, munali ouma mtima m'njira yabwino, pakuti tsiku limene ndinakana kudzuka munangokoka mpando n'kukhala pambali panga mpaka ndinadzuka. Anzanga a ntchito munamaliza mipando ndi zitseko zimene ndinasiya zosatha, n'kubweretsa malipiro onse kunyumba osachotsapo kanthu. Akulu a mpingo, amayi, achinyamata ndi a kwaya, mwa inu ndinaona anthu anayi a pa Marko 2 amene ananyamula wofa ziwalo ku Kapernao n'kusasula denga, ndipo Malemba amati Yesu anaona chikhulupiriro chawo.

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna kuiyankha poyera, chifukwa inabwera kangapo kuchokera kwa anthu ondifunira zabwino. Ena anandilangiza kuti ndisiye mankhwala a BP monga chizindikiro choti ndikukhulupirira Mulungu yekha, ndipo ankatchula mfumu Asa, imene pa 2 Mbiri 16:12 inadwala mapazi m'chaka cha 39 cha ufumu wake, n'kufuna asing'anga osafuna Yehova. Ndikuwalemekeza abalewa, koma sindikugwirizana nawo. Mlandu wa Asa unali wakuti sanafune Yehova, ndipo mankhwala pawokha sanatsutsidwe pamenepo. Mfumu Hezekiya inapemphera ndi misozi, Mulungu n'kuiwonjezera zaka 15, komabe mneneri Yesaya yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu n'kuziika pachithupsa chake. Paulo naye ankayenda ndi Luka, amene pa Akolose 4:14 akumutchula kuti dokotala wokondedwa. Munthu amene wasiya mankhwala pofuna kuonetsa kukula kwa chikhulupiriro chake, ndikuopa kuti wayamba kudalira chikhulupiriro chakecho, ndipo kumeneko n'kudzidalira komwe kuja kutangovala malaya a kutchalitchi. Ine mankhwala ndikumwa m'mawa uliwonse, ndipo ndimayamika Mulungu ndisanawameze.

Komabe mbiri ya Asa sindingaidutse msanga, chifukwa ikundikhudza mwa njira ina. Pamene Zera Mkusi anabwera ndi gulu lalikulu la nkhondo ndi magaleta 300, Asa analibe pogwira, ndipo anafuulira Yehova kunena kuti akutsamira pa Iye, n'kupambana. Patapita zaka zambiri za mtendere, chuma chitachuluka, Baasa mfumu ya Israele atamuopseza, Asa anatenga siliva ndi golide wa m'nyumba ya Yehova n'kutumiza kwa Benihadadi ku Damasiko kuti amuthandize. Nzeru imeneyi inagwira ntchito, pakuti Baasa anabwerera, koma mlauli Hanani atabwera kudzamudzudzula, mfumu inakwiya n'kumutsekera m'ndende. Asa anadalira Mulungu pa tsiku limene adani anamuposa mphamvu, ndipo anapunthwa pa tsiku limene anali ndi ndalama, nzeru ndi mbiri ya kupambana. Pabedi la kuchipatala kudalira Mulungu sikunandivute kwenikweni, chifukwa panalibe chinanso choti ndidalire. Tsopano dzanja likugwira hamala, mwendo ukuponda, ndipo anthu ayamba kundiuza kuti ndine wolimba mtima, kuti ndachira chifukwa cha khama langa. Khamalo linalipo, sindikukana, koma m'chipinda chimene ndinagona munali anthu ena akhama kuposa ine, opemphera kuposa ine, amene sanadzuke, ndipo sindingayerekeze kunena kuti ndinawaposa m'chinthu chilichonse.

Choncho pempho langa kwa inu amene munandipempherera ndili gone ndi lakuti musaleke tsopano pamene ndaimirira. Mundipempherere kuti zala ziwiri zimene zidakali zouma zimasuke, komanso kuti mphamvu zikamabwerera ndisaiwale kumene zikuchokera. Mukumbukirenso mabanja a anzanga amene ndinawasiya m'chipatala ndi a iwo amene anatisiya. Njinga ya olumala ndi ndodo zimene mpingo unandibwereka ndabweza kwa akulu a mpingo zili bwinobwino, ndipo aliyense amene ali ndi wodwala wozifuna angathe kukaonana nawo. Ndikupemphanso aliyense amene wawerenga mawuwa kuti akayezetse BP sabata ino, ngakhale akumva kuti ali bwino.