Mmene ndinayezetsera khansa ya khomo la chiberekero kuno ku Zomba

Ndinafika zaka 38 ndisanayezetsepo khansa ya khomo la chiberekero, ngakhale kuti mwana wanga wamkazi anali atabayitsa kale kusukulu katemera wa HPV, woteteza ku khansayi. Nkhaniyi sinali yachilendo kwa ine, popeza Zomba ndi Rumphi ndiwo maboma amene katemerayu anayambira mu 2013, asanafalikire dziko lonse mu 2019. Chimene chinkandiletsa chinali manyazi basi.

Ndinadikira kuti msambo uthe, ndipo m'mawa wina ndinanyamuka ku Chinamwali kupita kuchipatala nditatenga buku langa la kuchipatala ndi chitenje. Tisanalowe, anamwino anatiphunzitsa tili pabenchi kuti khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana, ndipo mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Anatsindika kuti pamatenga zaka zambiri kuti kachilonda kasanduke khansa, koma kwa amayi amene ali ndi HIV nthawiyo imafupika, choncho iwo amayenera kuyezetsa pafupipafupi.

Kuyeza kwenikweniko kumatchedwa VIA. Ndinagona pabedi, anamwino analowetsa kachipangizo kotsegulira njira, napaka viniga pa khomo la chiberekero, kenaka anadikira mphindi imodzi akuunika ndi nyali. Sindinamve ululu, koma kuzizira ndi kuyabwa pang'ono. Malo amene ayamba kuwonongeka amayera akakhudzana ndi viniga, ndipo anga anayera.

"Mayi, musade nkhawa, imeneyi si khansa," anatero. "Ndi kachilonda kakang'ono, ndipo mukavomera tikawotcha lero lomwe."

Apa ndipo ndinaona phindu la kafukufuku. Kale zilonda zotere ankaziumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri wa m'masilinda, ndipo mpweyawo ukatha mayi ankauzidwa kuti abwerenso tsiku lina, pamene ambiri, chifukwa cha mtunda ndi ndalama zoyendera, sankabweranso. Chipatala cha Nkhoma chinasonyeza kuti kachipangizo kotenthetsa kangathe kugwira ntchito yomweyo m'dziko lathu, ndipo ndi kameneko kamene anandithandiza nako. Anakakanikiza pakachilondapo kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, ndipo ndinangomva kupota m'mimba ngati kwa msambo. Kachilondako kakanakhala kakakulu, akananditumiza ku chipatala chachikulu kuti akakadule, ndipo kakanaoneka kokayikitsa akanatapako kanyama kuti kakapimidwe, zotsatira zake n'kumadikira.

Chovuta chinali kunyumba. Anandilangiza kuti ndidzaona chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, ndipo ndisakhale malo amodzi ndi bambo kwa mwezi wathunthu. Kunena zoona, mawu amenewa ndi olemera kuti mkazi awanyamule yekha, ndipo ndikuona kuti zipatala zikanachita bwino kumaitana abambo kuti adzimvere okha. Ine ndinangowapatsa bambo a kunyumba bukulo, nawerenga zimene anamwino analemba, ndipo anamvetsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2020 cholinga chakuti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera, amayi 70 mwa 100 ayezedwe, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto athandizidwe. Njira yatsopano yofufuza HPV yeniyeniyo, imene mayi amatha kudzitapa yekha chikazi ndi kathonje, ndi yodalirika kuposa viniga amene amadalira diso la woyeza, koma imafuna makina ndi ndalama. Ndinafunsanso anamwino za khansa ya mabasiketi a mazira, ndipo anandiyankha mosabisa kuti VIA siyiona, ndipo palibe njira yodalirika yoyezera amayi onse imene yapezeka, n'chifukwa chake imadziwika mochedwa.

Patatha chaka ndinabwereranso monga anandilembera m'buku, ndipo atapaka viniga sipanayere paliponse.