Musagule hybrid chifukwa cha nambala ya pa pepala

Amene mukuitanitsa galimoto ku Japan, nambala ya mafuta yomwe ogulitsa amalemba ija muziifunsa kuti inayezedwa bwanji. Toyota Aqua yoyamba ya 2011 imalembedwa 35.4 km pa lita, Honda Vezel Hybrid 27. Manambala amenewa ndi a muyezo wa JC08, womwe umayesa galimoto pa liwiro lochepa, AC atazimitsa. Muyezo wa WLTC ndiwo umayandikira zenizeni. Pamsewu, Aqua yabwinobwino imayenda makilomita pafupifupi 20 mpaka 25 pa lita.

Hybrid, galimoto yoyendera injini ya petulo ndi batire pamodzi, imapulumutsa mafuta m'tauni, monga pa mzere wa magalimoto pakati pa Limbe ndi Blantyre, chifukwa injini imazima mukaima ndipo mabuleki amatchaja batire. Pa M1 mukuthamanga 120, injini imangolira osapuma, phindu limachepa.

Koma Aqua ndi yogwa, mpata wa pakati pa msewu ndi pansi pake ndi 140mm basi, pomwe Vezel ili ndi 185mm. Ngati kwanu msewu ndi wafumbi ndi mabampu, lita imodzi kapena awiri owonjezera omwe Vezel imamwa ndi otchipa kuyerekeza ndi kukonza pansi pagalimoto. Vezel nayo giya yake ya otomatiki yotchedwa DCT imatentha mukamangokwawa pa mzere wautali.

Kuyeza nokha, dzazani thanki, ziroyani trip (yowerengera makilomita a ulendo pa dashibodi), yendani, dzazaninso. Mukayenda makilomita 400 ndi kuthira malita 18, ndiye kuti ndi makilomita 22 pa lita.

Aqua ikayamba kumwa mafuta, yang'anani mpweya wa matayala kaye, kenako fani yoziziritsa batire pansi pa mpando wakumbuyo. Fumbi likaitseka, batire imatentha, injini imagwira yokha ntchito yonse.