Ku Bagamoyo nyanja imachoka n'kubweranso

Ndinapita ku Dar es Salaam kukapikula zitenje ku Kariakoo, ndipo podikira kuti katundu apakidwe ndinatsala ndi tsiku lathunthu m'manja. Ndinakwera basi yolowera kumpoto, makilomita ngati 70, mpaka ku Bagamoyo.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, madzi ndimawadziwa, koma a kumeneko ali ndi khalidwe lawo. Nditafika m'mawa ndinapeza nyanja itaphwera kutali, ngalawa zitagona chammbali pamatope, amayi akutola nkhono pamalo pomwe usiku panali madzi. Pofika masana madzi aja anabwerera mwakachetechete n'kuzidzutsa ngalawa zonse. Ndinakhala pamchenga pafupi ndi msika wa nsomba, ndikudya pweza (kanyama ka m'nyanja yamchere ka miyendo 8) wokazinga wothira tsabola ndi ndimu, maso ali pa asodzi amene ankakweza matanga awo oyera.

Chimene chandikhala mumtima ndi dzina la tawuniyi. Pa Chiswahili "bwaga moyo" ndiye kuti tula mtima wako pansi. Ena amati ankatero ndi amtengatenga a minyanga ya njovu akamaliza ulendo wochokera ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ena amati ndi mawu a akapolo poona nyanja imene iwalekanitse ndi kwawo. Kwa ife a Chichewa moyo ndi moyo basi, ndiye ine ndikamva dzinali ndimamva za munthu wotula moyo wake. Kwathu nkhani za Jumbe ndi akapolo owoloka nyanja timazimva kuyambira tili ana, choncho poyenda m'timisewu ta nyumba zamiyala, za zitseko zosemedwa mwaluso, thupi linkachita tsembwe.

Ajeremani anaika likulu lawo pano asanalisamutsire ku Dar es Salaam mu 1891, ndipo nyumba yawo yakale ya boma idakalipo. Kumwera kuli mabwinja a Kaole, mizikiti ndi manda zakalekale pakati pa mitengo ya m'madzi amchere.

Ku mishoni ya Akatolika, yomwe inayamba mu 1868, ndiko ndinachedwa. Susi ndi Chuma, antchito a David Livingstone, pamodzi ndi anzawo ananyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia, miyezi 9 ali pansi ndi mapazi, n'kufika nawo pano mu February 1874. Nsanja ya tchalitchi chimene anaugoneka idakali chiimire. Ndinakhala pansi pa mlambe waukulu wa pamishonipo, ndikuganiza za mapewa a anthu amenewo, mpaka dzuwa linapendeka ndipo ndinathamangira basi yobwerera.