Kulondola dzina la De Villiers, kuchokera ku Franschhoek mpaka ku Pniel

Aliyense amene wakhalako ku Cape Town n'kumaonera rugby kapena cricket pa TV amawadziwa mayina awa: Du Toit, Du Plessis, Le Roux, De Villiers. Eni ake amalankhula Chiafrikaans, ambiri ngakhale moni wa Chifalansa samudziwa, koma mayinawo kwawo ndi ku France. Limene linkandizunguza mutu ndi la De Villiers. AB de Villiers wa cricket ndi mzungu. Jean de Villiers, amene anakhalapo kaputeni wa Springboks, timu ya rugby ya South Africa, ndi mzungu. Koma Peter de Villiers, mphunzitsi wa timu yomweyo kuyambira 2008 mpaka 2011, ndi mkaladi, chikhalirecho iye ndi Jean onse anabadwira ku Paarl. Dzina limodzi, tauni imodzi, khungu losiyana.

Ndinanyengerera mlamu wanga, amene ali ndi kagalimoto, kuti Loweruka lina tipite ku Franschhoek, katauni ka dera limene Afalansa a mayinawa anakhazikika. Anavomera monyinyirika. "Alamu, mafuta onsewa angothera kukaona mayina a anthu akufa?" Ndinawalonjeza nkhomaliro, nkhani inathera pomwepo.

Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 75. Mumatsata N1 ngati mukupita ku Paarl, kenako n'kukhotera mu R45, ndipo minda ya mphesa imayamba kukuperekezani mbali zonse mpaka mapiri atakutsekerani kutsogolo. Zikwangwani za mafamu n'za Chifalansa zokhazokha: La Motte, La Provence, Chamonix, Dieu Donné. Msewu waukulu wa m'tauniyo wadzaza malo odyera okwera mtengo, ndipo mu Julaye amachita chikondwerero cha Bastille, anthu atavala zofiira, zoyera ndi zabuluu. Izi zimandiseketsa pang'ono, chifukwa Afalansa amene anakhazikika kuno anachoka kwawo zaka 100 ndende ya Bastille isanagwetsedwe mu 1789. Koma malonda ndi malonda.

Kumapeto kwa msewuwo kuli chipilala cha a Huguenot, chomwe chinatsegulidwa mu 1948. Ndi mayi woimirira pa dziko lapansi, Baibulo kudzanja lamanja, unyolo woduka kumanzere, kumbuyo kwake zipata zitatu zazitali zoimira Utatu Woyera. Anachisema ndi Coert Steynberg. Pafupi pomwepo pali myuziyamu imene inatsegulidwa mu 1967, yomangidwa motengera nyumba yakale ya Saasveld yomwe inagwetsedwa ku Cape Town, zipangizo zake zina n'kuzisamutsira kuno. M'katimo ndi momwe ndinakhalitsa, mlamu wanga atakhala panja pa mthunzi akuseweretsa foni.

Nkhani yake imayambira pa chipembedzo. A Huguenot anali Apulotesitanti a ku France, otsatira chiphunzitso cha Calvin. Mu 1598 mfumu Henri IV inakhazikitsa lamulo la ku Nantes lowalola kupembedza, koma mu Okutobala 1685 mdzukulu wake Louis XIV analifafaniza. Matchalitchi anagumulidwa, abusa anathamangitsidwa, asilikali ankawagoneka m'nyumba za anthu kuti azidya ndi kuwononga mpaka mwini nyumba atavomera kusintha mpingo. Anthu pafupifupi 200,000 anathawa, ambiri kupita ku Netherlands, England ndi Germany. Amene anafika ku Cape mu 1688 ndi 1689 anali ochepa kwambiri, ngati 200 basi. Anawabweretsa ndi kampani ya Adatchi ya VOC, osati chifukwa cha chifundo chokha: inkafuna alimi oti azidyetsa zombo zake zopita ku Asia, makamaka odziwa mphesa.

Mwa iwo munali anyamata atatu apachibale, Pierre, Abraham ndi Jacques de Villiers, ochokera kufupi ndi doko la La Rochelle. Anafika pa chombo chotchedwa Zion mu Meyi 1689, kampani itawachitira umboni kuti ulimi wa mphesa amaudziwa. Poyamba analima pamodzi famu imene anaitcha La Rochelle, kenako aliyense anapeza yake: Pierre ku Bourgogne, Abraham ku Champagne, Jacques ku La Brie. Pierre anakwatira Marie Elisabeth Taillefert, pomwe Abraham ndi Jacques anakwatira atsikana a banja limodzi la Gardiol, Susanne ndi Marguerite. Tauni ya Villiersdorp, komanso John Henry de Villiers amene anakhala mkulu wa oweruza woyamba wa Union of South Africa mu 1910, zonsezi n'zotuluka m'banja limeneli.

Dzinalo palokha si laufumu monga ena amaganizira akaona "de" kutsogolo. Villiers ndi dzina la malo, lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza famu kapena kamudzi, ndipo ku France midzi yotchedwa choncho ilipo yambirimbiri: Villiers-le-Bel, Villiers-sur-Marne, ndi ina. Munthu akachoka pamudzi wotere ankangotchedwa "wa ku Villiers". Ndiye anthu awiri a dzinali ku France angathe kukhala opanda ubale uliwonse, monga momwe Phiri wa ku Kasungu ndi Phiri wa ku Chipata angakumanirane m'basi, n'kutchulana achibale, koma agogo awo sanamwerepo chitsime chimodzi. Ku Cape zinthu zinasiyana chifukwa khomo lolowera linali lopapatiza: dzinalo linabwera ndi chombo chodziwika, tsiku lodziwika, ndipo mabuku a ubatizo alipo.

Chifalansa sichinakhalitse. Simon van der Stel, amene ankalamulira Cape, anawagawira dala minda mosakanikirana ndi Adatchi kuti asapange kadziko kawokawo. Anabwera ndi m'busa wawo, Pierre Simond, koma atabwerera ku Ulaya kampani inakakamira kuti kutchalitchi ndi kusukulu kuzimveka Chidatchi. Pofika cha m'ma 1750 chilankhulocho chinali chitatsala pakamwa pa nkhalamba zochepa. Mayina ena anapindika: Pinard anakhala Pienaar, Villion anakhala Viljoen, Le Clercq anakhala De Klerk, Rousseau anakhala Rossouw. Zidzukulu zawo zinamezedwa ndi mpingo wa Dutch Reformed, womwe uja unadzatumiza amishonale ku Mvera mu 1889, kumene kunayambira Sinodi ya Nkhoma. Ine wokulira mu CCAP, nditaima kutsogolo kwa tchalitchi choyera cha 1847 cha mu msewu waukuluwo, ndinamva kuti ulendowu ukundikhudzako.

Tsopano za magazi, zomwe zinandikokera kumeneko. Dzina la banja kwa azunguwa limayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, ndipo mu DNA muli kachigawo kamodzi kamene kamayenda njira yomweyo, Y chromosome. N'chifukwa chake amuna awiri a dzina limodzi akayezetsa malovu, zimatheka kuona ngati anachokeradi kwa kholo limodzi lachimuna. Akatswiri a ku yunivesite ya Pretoria anayerekeza mabuku a mibadwo ya mabanja a Chiafrikaans ndi Y chromosome ya amuna amoyo, ndipo mu 2015 anafalitsa zoti pa zaka 300, ana amene bambo wowabereka sanali wolembedwa m'buku anali osakwana mmodzi pa 100 alionse. Mlamu wanga nditawauza izi anangoti, "Ndiye kuti ankaopa Mulungu kapena minda inali yotalikirana." Sindinawatsutse.

Koma tawerengani nokha. Makolo awiri, agogo anayi, owabereka agogowo asanu ndi atatu, ndipo mukabwerera mibadwo khumi mwafika pa malo 1,024. Dzina ndi Y chromosome zimakuuzani za munthu mmodzi yekha pa chikhamu chonsecho. Enawo ndani? Kafukufuku wa akatswiri a ku Uppsala ndi Pretoria, wofalitsidwa mu 2020, anayeza DNA yonse ya Maafrikaner (azungu olankhula Chiafrikaans) 77. Anapeza kuti pafupifupi 95 peresenti ndi ya ku Ulaya, ndipo 4.7 peresenti ndi yochokera kwina: ku India ndi madera oyandikana nako, ku Asia wa kum'mawa, kwa Akhoekhoe ndi Asan (eni nthaka amene azungu anawapeza ku Cape), komanso ku Africa wa kumadzulo ndi kum'mawa. Mwa anthu 77 aja, 76 anali nako kachigawo kosachokera ku Ulayaka. Chifukwa chake n'chosabisika. M'zaka zoyambirira akazi achizungu ku Cape anali ochepa, ndipo amuna ankakwatira kapena kubereka ana ndi akapolo, akapolo omasulidwa, ndi akazi a m'dzikomo. Krotoa, mayi wa Chikhoekhoe amene anakwatiwa ndi Pieter van Meerhof mu 1664, ali m'mibadwo ya mabanja ambiri achizungu. Ndipo pa 95 peresenti ija, Chidatchi ndi Chijeremani n'zochuluka kuposa Chifalansa. Munthu angathe kunyamula dzina la ku La Rochelle, magazi a ku La Rochelle ali kadontho chabe.

Kuchepa kwa makolo oyambawo kunasiyanso zipsera. Popeza mabanja ochepa omwewo ankakwatirana mobwerezabwereza, matenda ena otengera kumtundu ndi ofala pakati pa Maafrikaner kuposa kwina. Kafukufuku wa mu 2001 pa nthenda ya magazi yotchedwa Fanconi anaemia analondola mabanja 12 odwala n'kuwapeza onse akukumana pa banja limodzi la a Huguenot lomwe linafika mu Juni 1688.

Titadya nkhomaliro, chipisi ndi nkhuku za m'sitolo chifukwa mitengo ya m'malesitilanti inatibweza pakhomo, tinabwerera kudzera R310 yolowera ku Stellenbosch. Pa msewu umenewu pali Boschendal. Famuyi poyamba inapatsidwa kwa Jean le Long, Abraham de Villiers anaigula mu 1715, ndipo inakhala m'manja mwa banjali mpaka 1879. Nyumba yaikulu yoyera, yofolera ndi udzu, ndi ya 1812. Tizilombo ta phylloxera titawononga mphesa, malowa anagulidwa ndi Cecil Rhodes kuti adzalepo zipatso. Ndi pokongola zedi, mitengo ikuluikulu, udzu wometedwa bwino, mabanja atayala nsalu akumwa vinyo. Funso limene linkandivuta ndi lakuti manja amene anaumba njerwa ndi kuthyola mphesa zaka zonsezo anali a yani. Dera lonseli linali msipu wa ng'ombe za Akhoekhoe, amene analandidwa malo kenako nthomba ya 1713 n'kuwapulula. Ntchito inkagwiridwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ambiri ankachokera ku Mozambique. Apa ndi pamene mlamu wanga anasiya foni n'kuyamba kumvetsera.

Mukangodutsa Boschendal pang'ono mwafika ku Pniel, ndipo ngati mudzapite ku Franschhoek, chonde musadzapadutse mothamanga. Ukapolo unathetsedwa ku Cape mu 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa eni ake akale mpaka 1 Disembala 1838. Patangopita zaka zochepa, alimi awiri a dzina la Chifalansa, Pieter Isaac de Villiers ndi Paul Retief, anapereka malo oti omasulidwawo amangepo mudzi wa mishoni, ndipo Pniel inayamba mu 1843. Lero ndi kamudzi ka nyumba zothithikana m'mphepete mwa phiri la Simonsberg, tchalitchi chili pakati, pafupi pake chipilala chokumbukira ufulu. Alendo onyamula makamera sitinawaone. Tinaona ana akusewera mpira ndi amayi akuchokera kokagula zinthu.

Akapolo analibe dzina la banja lolembedwa. Ena ankatchedwa ndi mwezi umene anagulidwa, n'chifukwa chake ku Cape mumakumana ndi a September, a January ndi a October. Ena ankatchedwa ndi kumene anachokera, Van Bengale, Van Mozambique. Ena anatenga dzina la mwini famu, kaya chifukwa anali bambo wawo wowabereka, kaya chifukwa kalaliki ankafuna choti alembe. Choncho dzina la Chifalansa pa munthu wa ku Cape likhoza kukhala la magazi, likhozanso kukhala la pafamu, ndipo nkhope siingakuuzeni. Y chromosome ingathandize kusiyanitsa ziwirizi, koma za amayi amene sanalembedwe m'mabuku a ubatizo imangokhala duu.

Wofuna kuwafufuza amayi amenewo ayambire ku Roeland Street mu Cape Town, m'nyumba imene kale inali ndende, momwe tsopano muli nkhokwe ya zolembedwa zakale za chigawo cha Western Cape. Kuyambira 1816 boma la Britain linalamula kuti akapolo onse azilembedwa m'kaundula, ndipo mabukuwo anawasanja potsata dzina la mwini kapolo. Kuti mupeze agogo anu a ku Mozambique, muyenera kutsegula tsamba la De Villiers kapena la Retief.