Apongozi ndi fyuluta ya njinga yanga

Aliyense wa kabaza ya njinga yamoto kuno ku Mangochi amalidziwa fumbi la mu Okutobala. Ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kulowa tinjira ta kumidzi ya ku Malindi, umabwerako nsidze zili psuu, ndipo chomwe chalowa m'mphuno mwako chalowanso mu injini. Boxer yanga inayamba kubanika pamtunda, petulo n'kumangotha osaona komwe wapita.

Makaniko wanga wa pa Boma anatsegula chivundikiro cha m'mbali n'kusolola kasiponji kakuda bii. "Achimwene, njingayi sikupuma. Fyuluta yotere sataya, amachapa." Anandilangiza mofatsa: madzi ofunda ndi sopo, kapena parafini, koma petulo ayi, amadya guluu. Pofinya osapotokola, imang'ambika. Iume kaye pamthunzi, kenako mudonthezere oyilo pang'ono n'kufinyafinya kuti alowerere paliponse koma asamadonthe. Oyiloyo ndiye amagwira fumbi, siponji ikakhala youma fumbi losalala limangodutsa.

Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwa Mpondasi kwawo kwa mayi akunyumba. Ndinachapa mpaka madzi anasiya kuda. Tsono mthunzi pakhomo pathu uli malo amodzi okha, pathandala la mbale patsinde pa mango. Ndinayanika pomwepo n'kupita kukasewera bawo.

Pobwerako ndinapeza apongozi akazi atatambalala kuseri kwa khitchini, akukwecha poto wa nsima ndi phulusa. M'manja mwawomo munali fyuluta yanga.

"Bambo, mwachita bwino," anatero akuyang'ana kumbali, monga mwa ulemu wake. "Chinkhupule ndiye ichi, osati zija za kumsika zongotha tsiku lomwelo."

Mkamwini angayankhe chiyani pamenepa? Ndinanjuta chapatali n'kuwomba m'manja. "Zikomo amayi, n'kangachepe chabe."

Ndinakamunong'oneza mkazi wanga m'nyumba kuti chinthu chija n'cha njinga. Anaseka mpaka misozi. "Ndiye mukuti ndikawalande amayi chinthu choti athokoza kale? Dikirani kude." Kutada anabweradi nacho atabisa m'chitenje, koma theka lokha. Apongozi anali atachidula ndi mpeni, chinacho n'kupatsa achemwali awo, poti chinthu chabwino sagwiritsa ntchito munthu mmodzi.

M'mawa ntchito inayenera kugwiridwa basi, ana sadya nkhani. Masamu anga anali akuti popeza siponji yachepa, oyilo achuluke kuti zilingane. Ndinamiza theka lija mu oyilo wa injini mpaka linatuluka ngati mandasi ongovuula kumene, n'kulikankhira m'bokosi mwake osafinya n'komwe.

Woyamba kukwera anali mayi wina wa geni ya chambo, wopita kutsidya, beseni lake tamanga kumbuyo. Tinanyamuka bwinobwino, ine n'kumadzitama mumtima kuti makaniko aja amangokokomeza. Titafika pakati penipeni pa mlatho, njinga inatsokomola, inafuka utsi, kenako zii. Ndinaponda kiki, ndinapondanso, thukuta kamukamu, Shire akungoyenda pansipo mosatekeseka. Mayi aja anatsika n'kumasula okha beseni lawo. "Achimwene, nsomba zanga zisandivundire pano ndi dzuwa ili." Anaimitsa mnyamata wa njinga yakapalasa, ndipo mnyamatayo pondidutsa anachita kundiimbira belu.

Ndinaikankha kubwerera ku Boma. Makaniko anamasula pulagi, yakuda ndi mwaye. Kabuleta ili noninoni ndi oyilo, chifukwa injini itasowa mpweya inangomukokera mkati. Kenako anasolola siponji ija, anaitembenuza, anainunkhiza, n'kutolapo kanthu koyera ndi chikhadabo.

"Achimwene, kodi iyi si nkhoko ya nsima?"

Sanafunse motsitsa mawu ayi. Anzanga onse a pasiteji anasiya makasitomala kudzaona njinga yodya nsima, wina mpaka anafunsa ngati ndiwo zake inali usipa kapena utaka. Mpaka lero ndikafika pasiteji amakuwa kuti Ankhoko afika.

Fyuluta ndinagula yatsopano, ndipo ndikaichapa ndimaiyanika kuchipinda, chitseko chokhoma. Koma posachedwapa apongozi anatuma mkazi wanga kudzandiuza kuti chinkhupule chija chatha, ndipo ndikamagula china ndisaiwale achemwali awo. Iwo akufuna chawochawo, chathunthu, chosadula.