Loweruka la chiperoni, pakhonde la wogulitsa mabuku ku Limbe

Lero kwacha ndi chiperoni, moti phiri la Ndirande silinaoneke mpaka masana. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukafuna buku la masamu la mphwanga amene alowe Fomu 4 mu Seputembala, ndipo ndinalunjika kwa bambo wina amene amayala mabuku akale pakhonde la sitolo. Ndisanayambe kunenerera mtengo, kamvula kowaza kanalimbika, ndipo tinapezeka kuti tapanikizana pakhondepo anthu asanu, mwini malonda ali kalikiliki kufunditsa mabuku ake pepala la pulasitiki.

Amene anayambitsa nkhani anali bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anatola buku la Nthondo lothothoka chikuto n'kunena kuti wangomaliza kuliwerenganso mwezi watha. Anatifotokozera kuti Samuel Josia Ntara analilemba ali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa. Chimene chinawadabwitsa bambowo n'chakuti zaka zonse zimene ankaliwerenga ali pantchito ankangofunamo mayankho a mayeso, koma ulendo uno, popanda mwana wowadikira m'kalasi, anayamba kumva kukoma kwa Chichewa chake, makamaka mmene akuluakulu amayankhulira pamilandu ndi pamaliro, mosathamanga ndiponso mozungulira.

Mayi wina amene amasoka zovala pakhonde lomwelo anaimitsa makina ake n'kulowerera. "Aphunzitsi, mundikhululukire, koma ine bukulo silinandikhutiritse kumapeto kwake," anatero. Iwo anawerenga la mwana wawo usiku uliwonse kwa sabata ziwiri, ndipo anasangalala ndi Nthondo wakuba ndi wosamva uja chifukwa anawakumbutsa mlongo wawo wina wa kumudzi, koma sanakhulupirire kuti munthu wotere angasanduke mfumu yolongosoka ndi Mkhristu wodzichepetsa ngati kuti khalidwe amalivula monga malaya. Aphunzitsi anayankha kuti munthu wolemba ali pamishoni m'zaka zimenezo sakanalitsiriza mwanjira ina. Mayiwo anangoti, "Ndiye kuti mapetowo ndi a azungu a mishoni, si a Nthondo ayi," n'kupitiriza kupalasa makina.

Ine ndinakhala chete, koma mumtima ndinali kumbali ya mayiwo. Sanatchulepo mawu akuti mpangankhani kapena mfundo yaikulu, amene tinkaloweza kusukulu, komabe anafika pafunso limene ophunzira mozama amalimbana nalo, ndipo anafikapo poyerekeza munthu wa m'buku ndi munthu amene anadya naye nsima m'mbale imodzi.

Mnyamata amene anaimika njinga yake yamoto pafupi, podikira kuti mvula ikate, ananena kuti iye wangomaliza buku la William Kamkwamba la ku Wimbe ku Kasungu, limene linatuluka mu 2009, ndipo analiwerenga pang'onopang'ono chifukwa Chingerezi china ankachita kufufuza pafoni. Ndinkayembekezera kuti ayamikira makina amphepo opanga magetsi amene anatchukitsa Kamkwamba, koma iye anati zimenezo anazidutsa mofulumira popeza anazionera kale mufilimu. Chimene chinamugwira mtima ndi masamba ofotokoza njala ya 2001 ndi 2002, imene inachititsa kuti Kamkwamba asiye sukulu posowa fizi. Mnyamatayo anabadwa njalayo itadutsa, ndipo anavomera kuti amayi ake akamakamba za kudya kamodzi patsiku ndi kuphika nsima ya gaga, ankaganiza kuti akungomuopseza kuti asamasiye chakudya m'mbale. Atatseka bukulo anawaimbira foni kumudzi. Apa mayi osoka aja anaimitsanso makina, ndipo kwa kanthawi nkhani inachoka pabuku n'kupita pamizere yogulira chimanga imene iwo anagonapo ali ndi mwana kumsana. Aphunzitsi sanatsutse kanthu ulendo uno.

Ndinafunsa mwini malonda kuti iye wawerenga liti mwa mabuku onsewa. Anaseka n'kunena kuti amawerenga masamba atatu oyambirira okha kuti adziwe mtengo woika, ndipo kuti buku labwino amalizindikira likamabwera lakuda ndi manja, lopindikapindika m'makona, chifukwa limenelo ladutsa m'nyumba zambiri. Loyera bwino, anatero, nthawi zambiri ndi limene mwini wake analephera kulimaliza. Amene amayenda msanga kwa iye ndi mabuku a sukulu, a mapemphero, ndi aja olonjeza kuphunzitsa munthu kulemera, amene iye mwini wawagulitsa kwa zaka zambiri akadali pakhonde lomwelo.

Mvula itakata ndinagula buku la masamu lija, ndipo ndinawonjezera Nthondo yemwe uja wopanda chikuto, kuti ndikadzionere ndekha ngati mayiwo ananena zoona. Madzulo ano, magetsi atazima, ndinayatsa kandulo n'kutsegula kumapeto kwa bukulo kuti ndiyambire pamene panali mkangano, koma ndapeza kuti masamba otsiriza anathothoka limodzi ndi chikuto. Lolemba ndibwereranso ku Limbe kukafunsa ngati aphunzitsi aja angandibwereke lawo.