Corolla ija yadzuka, zikomo nonse

Abale anga ndabwera kudzathokoza. Corolla ija yayambanso kuyenda dzulo madzulo patatha masabata atatu ili gone pansi pa mtengo wa mango kunyumba. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti galimoto imeneyi ndiye khasu langa, ndiwo zimachoka pomwepo, fizi ya ana pomwepo, ndiye masabata atatuwa tulo sindimationa ayi.

Zinayamba ndanyamula anthu ku Area 25 kulowera mtauni. Ndaima pang'ono, kuti ndinyamuke galimoto ikungolira koma kusuntha kwake ngati ndakweza matumba a simenti, nyali ya check engine nayo yayaka, giya osasintha. Makaniko woyamba, dzina sinditchula, anangoizungulitsa kamodzi nkuti "bwana giyabokosi yapita, sakani ina." Bonati sanatsegule nkomwe. Ndinapita ku Malangalanga kukafunsa mtengo wa giyabokosi, nditaumva ndinangokhala pansi pakhonde la shopu kaye miyendo itazizira.

Mayi a kunyumba zikomo. Munali mutanena kale kuti mutenga ngongole ku banki mkhonde, ndipo masiku onsewa nsima imabwera patebulo ndi ndalama ya mandasi anu osandinyogodola olo tsiku limodzi, ine ndimaona.

Alamu anga ndi amene anandigwira dzanja kuti musagule kaye, pitani nayo kwa wa zamagetsi. Alamu, Fanta wanu alipo.

Tsopano achimwene a zamagetsi aja, eeh inuyo Mulungu akudalitseni. Mnyamata wofatsa, anabaya kamakina kake pansi pa chiwongolero, kanatulutsa nambala ya vuto yoti P0753. Ine ndinangoti basi ndiye kufa kwakeko. Iye nkuseka, akuti mdala khalani pansi ndikuuzeni. Mkati mwa giyabokosi ya otomatiki muli tinthu totchedwa solenoid, timagwira ntchito ngati mpopi wotsegulidwa ndi magetsi, kompyuta ikatumiza moto kanthuko kamatsegula kapena kutseka njira ya oyilo ndiye giya imasintha. Kompyuta ikaona kuti solenoid A, amene nambala ija ikuloza, sakuyankha imasiya galimoto pa giya yapamwamba, nchifukwa chake imalemera ponyamuka. Koma akuti nambala imeneyi sikuti ikunena kuti solenoid wafa, ikungoti penapake panjira ya magetsi pavuta, mwina iyeyo, mwina pulagi, mwina waya.

Anazula pulagi ya pa giyabokosi, kuika mita yake pa kaphini ndi pa chitsulo cha giyabokosiyo, inawerenga 13. Akuti pa Toyota zimenezi imayenera kukhala pakati pa 11 ndi 15 ohms, ndiye solenoid ali moyo, palibe chifukwa chotsitsira sampu, kabeseni ka oyilo ka pansi pa giyabokosi. Kenako anayeza waya wochoka pa pulagipo kukafika ku kompyuta, mita ziii osalira. Apa ndi pamene ndinamupatsa ulemu, anachotsa batire, nkuyamba kusenda tepi pang'onopang'ono ngati akusenda nzimbe, pafupifupi ola lathunthu dzuwa likuswa mtengo, mpaka anandiitana kuti dzaoneni nokha. Waya wadukiratu, mnzake pambali watsala pang'ono, mano akuoneka bwinobwino, ndipo pansi pake pali manyi a khoswe ndi timaso ta chimanga. Khoswe abale! Ndipo mlandu ndi wanga ndemwe, titakolola ndinaunjika matumba pakhonde pomwe ndimaimika galimoto usiku.

Analumikiza mowotcherera ndi soda (solder), osati zongopota ndi manja zija, kuveka kachubu kokhwinyata ndi moto, kumata tepi yatsopano, kufufuta nambala ija. Anasololanso chitsulo choyezera oyilo wa giyabokosi nkununkhiza, akuti akadali wofiira sakununkha kupserera, koma tsiku lodzasintha ndidzathire T-IV osati aliyense wa pamsewu. Tinaiyesa msewu wa Kanengo ine ndikuwerenga magiya ndi khutu, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, itagwira yachinayi ndinakuwa mgalimoto ngati tagoletsa chigoli. Ndalama imene anatchula mpaka ndinachita manyazi, ndinawonjezerako pang'ono ya sopo.

Anzanga a pa siteji amene mumanditengera makasitomala anga nkumandibwezerabe kangachepe, anyamata amene munaikankha tsiku lija, ndi a pagulu la WhatsApp la kumpingo amene mumandifunsa mmawa uliwonse kuti zili pati, zikomo kwambiri nonse.

Mawa 5 koloko ndili pa siteji. Ndipo amene ali ndi kamwana ka mphaka andiuze, ndidzabwera kudzatenga ndekha pa Corolla yomweyi.